Pepala Lagwa pa Guwa

Skye, 9 Meyi 1887

Wokondedwa mlongo wanga Torquil,

Uli bwanji ku Canada kumeneko? Chifuwa cha mlamu wanga Morag chinatha? Kuno thupi lili bwino, koma mtima wanga ukuwira.

Abambo awaletsa kulalikira.

Ukudziwa anthu a kwathu: mbusa wowerenga ulaliki papepala amati alibe Mzimu. Abambo alalikira zaka makumi anayi osayang'ana pansi, zaka makumi awiri mwa izo akuphunzitsa abusa ku koleji ya ku Edinburgh. Koma chibwerereni kumudzi kudzapuma ayamba kuiwala. Mwezi watha anaima pakati pa vesi, kukamwa yasa.

Ndiulule, Torquil. Ndine ndinalemba mitu ya ulaliki wawo pakapepala, n'kukabisa m'Baibulo la pa guwa. Iwo sanandipemphe. Lamulungu lotsatira atatsegula buku, kapepalako kanauluka mpaka kukatera pa nsapato za a Gillanders, mkulu wa mpingo uja wogulitsa nkhosa.

Munthuyo anakatola ndi zala ziwiri ngati watola khoswe wakufa. Panja amvekere, kodi Mzimu Woyera masiku ano akuyendera inki ya ku Edinburgh? Anthu n'kuseka! Anthu omwe abambo anawabatiza, n'kuwaikira makolo awo m'manda!

Ndinapita kwa abusa a mpingo wathu, a MacAskill, kukanena kuti wolakwa ndine. Paja iwowa ankadya phala lathu ali wophunzira wa abambo, malaya atang'ambika m'zigongono. Anangosisita chipewa, akuti pepani mayi, akulu agamula kale, sindingagawe mpingo chifukwa cha munthu mmodzi. Munthu mmodzi! Ndinawauza kuti Chihebri chomwe amatiopseza nachocho anachitola patebulo lathu.

Choipitsitsa n'chakuti abambo sakudziwa kuti awaletsa. Za kapepalako anaiwala. M'mawa uliwonse amazungulira m'khitchini, manja kumbuyo, kuloweza ulaliki wa pa Mgonero wa mu Juni. Dzulo anandifunsa ngati kolala yawo yoyera ndaichapa. Ndinayankha kuti inde.

Bwera, chonde, Mgonero usanafike. Iwe amakumvera. Ine ndawanamiza mokwanira, ndipo sindingathe kudzaima pakhomo tsikulo, iwo atavala kale, n'kuwauza kuti akhale pansi.

Undiperekere moni kwa Morag ndi ana. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wako,
Ishbel