Uthenga wa Maliro Unafika Lachisanu

Jeremias 09:12
crimilda wadula kale rede, netiweki ya app ija? ndikuona tatsala awiri okha muno

Crimilda 09:13
eya ndagawa grupo pawiri, mbali ino iwe ndi ine. lemba chilichonse tione ngati app yako ya parishi isunga msg mpaka tilumikizenso

Jeremias 09:13
teste 1 teste 2 kkk. wabwerako liti ku mualadzi?

Crimilda 09:15
dzulo. ndinakaona manda a mayi anga. manda okha jeremias

Jeremias 09:21
pepa kwambiri

Crimilda 09:22
achimwene anga a silasi analemba pa grupo lachiwiri mmawa kuti mayi atisiya. kwa iwo zinaonetsa tiki ziwiri ngati aliyense walandira. ine kumalire ku cassacatiza msg yandipeza lachisanu, ataika kale

Crimilda 09:24
anandidikira mpaka dzuwa kupendeka, adzukulu ali chiimire kumanda. pano akuti ndinawerenga nkungopitiriza zanga. azakhali akana moni wanga pamaso pa anthu

Jeremias 09:25
rede ya kumalire ukuidziwa iwe, imavuta

Crimilda 09:25
rede inali bwinobwino. lachiwiri unadula ndani?

Crimilda 09:40
ndikukuona uli online

Jeremias 09:58
[mawu ojambula 0:48]

Crimilda 09:59
sindimvera zong'ung'udza. lemba

Jeremias 10:07
ok. teste ndinapangira pa grupo lenileni chfkw la teste lili ndi anthu 4 basi, silionetsa kanthu. ndinadula a ku cassacatiza onse nkuiwala kuwalumikiza mpaka lachisanu. tiki ziwirizo ndi bug, vuto la mu app, ndikonza

Crimilda 10:08
ukonza

Crimilda 10:08
kwera mota, njinga yamoto ija, upite ku mualadzi ukawauze a silasi ndi pakamwa pako

Jeremias 10:11
a padre akamva andichotsa pa projecto. ndiye zithandiza chani? malemu sadzuka. abale ako aiwala okha, anthu akumudzi aja sadziwa nkomwe kuti server nchani

Crimilda 10:12
mtima wanga ukuwawa jeremias, ndipo ndadana nawe. ndinagwada pamanda paja nkulumbira kuti amene wandichita izi adzaweramitsa mutu pamaso pa parishi yonse

Jeremias 10:14
usatero mnzanga, sindinachite dala. zithere pakati pa awirife pfv, chonde. teste ikatha ufufute zonsezi

Crimilda 10:16
komatu wanena zoona, grupo la teste silionetsa kanthu. nchfkw chake nanenso ndagawa lenileni

Jeremias 10:16
???

Crimilda 10:17
mbali inayo kuli parishi yonse. a padre, amayi a kwaya, azakhali, a silasi omwe. ndikangolumikiza msg zonsezi ziwafika, imodzi osasowa. unailemba bwino app yako

Jeremias 10:17
CRIMILDA AYI

Jeremias 10:17
ndipita ku mualadzi lero lomwe, ndikulumbira

Jeremias 10:18
yankha foni pfv

Jeremias 10:18
[mawu ojambula 0:09]

Crimilda 10:19
ine sindiiwala kulumikiza

Silasi 10:46
Achemwali, tawerenga zonse. Tinakulakwirani. Azakhali akulira, akuti bwerani kwanu.

Silasi 10:47
A Jeremias, musavutike ndi mota. Anthu akumudzife tikubwera konko.