Ndamubisira nsapato zothamangira

Aphungu,

Ndine mayi wamasiye, telala wa mayunifolomu ndi madiresi, ndipo ndili ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana wa zaka 16. Anzake amamutchula Kamphepo chifukwa akayamba liwiro simungaone kumene walowera. Ino ndi sabata yachisanu asanaponde pabwalo la masewera, ndipo womuletsa ndine.

Bambo ake anatisiya chaka chatha ali ndi zaka 51. Anali ndi BP, koma mankhwala ankamwa akakumbukira. M'mawa wina akuvala sokosi anangopendekeka pampando, kukamwa kutakhota, ndipo patapita masiku atatu anamwalira kuchipatala. Anandisiyira kamakina koyezera BP, kaja mumamanga lamba pamkono n'kudina batani. Kamakhala m'dilowa ya makina anga osokera, pamodzi ndi choko ndi tepi.

Mwezi watha mtsikanayu anatulukira kushopu kwanga akuchokera kokonzekera mpikisano, thukuta lili kamukamu, akupuma mwawefuwefu. Atandikumbatira ndinamva mtima wake ukugunda pachifuwa panga, di! di! di! Pompo ndinamukhazika pampando n'kumumanga lamba uja. Nambala yapamwamba inafika 158. Aphungu, manambala oterewa ndinkawaona kwa bambo ake.

Tsiku lomwelo ndinatenga nsapato zake zothamangira n'kuzikwirira pansi pa thumba la zidutswa za nsalu. Tsopano akaweruka kusukulu amabwera kushopu, n'kukhala pambali panga kusokerera mabatani mpaka titseke. Ngakhale kumsika ndimapita ndekha. Pofuna kumupepesa ndimamugulira mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera, moti siketi yake ya sukulu ndaikulitsa kale m'chiuno. Kuyezanso ayi, sindinamuyezenso. Ndimatsegula dilowa, ndimayang'ana kamakinako, n'kutsekanso. Ndimaopa zimene kangandiuze.

Aphunzitsi ake a masewera anabwera ndi fomu yoti ndisaine kuti mwanayu akapikisane ndi a sukulu zina. Iwo anati, "Mayi, ngati mukukayika, tiyeni naye kuchipatala akamuone." Ine ndinawayankha mwachipongwe, ndikuchita nazo manyazi mpaka pano. Ndinati, "Akakagwa pabwalopo, maliro ake mudzalira ndinu?" Mlamu wanga, mchemwali wa malemuwo, nayenso sanandisiye. Anati, "Alamu, mwana si nsalu yoti mupinde n'kuika m'sutikesi kuopa kuti ingasuluke."

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi mawu a mwana wanga. Dzana ndinamuuza kuti zonsezi ndikuchita chifukwa chomukonda. Sanadzutse n'komwe mutu pa batani limene ankasoka. Anangoti, "Amayi, adadi sanagwe akuthamanga. Anagwa atakhala pansi." Kuchokera pamenepo amangondiyankha kuti "inde" ndi "ayi". Mwana amene ankandisokosera ndi nkhani mpaka ndilakwitse msoko.

Fomu ija ikufunika ibwerere kusukulu pakutha pa masabata awiri. Ndikasaina ndikuopa kuika mwana m'manda ndi dzanja langa. Ndikapanda kusaina ndikumutaya ali moyo. Mutu wanga waima. Ndichite chiyani?

L.T.M.

Mayi L.T.M.,

Pepani ndi imfa ya amuna anu. Munthu amene anaona zimene munaona inuyo sangamve mtima wa mwana ukugunda mwamphamvu n'kungoti palibe kanthu. Mantha anu ndikuwamvetsa, ndipo sindikusekani. Koma kunena mosapsatira, munayeza pa nthawi yolakwika.

Aliyense akamathamanga, mtima umagunda mofulumira ndipo BP imakwera kuti magazi afike msanga m'miyendo. Akapuma, imatsikanso. Umo ndi mmene thupi labwinobwino limachitira. Inu ndinu telala: kodi mungayeze chiuno cha kasitomala atafufumitsa mimba, n'kudula nsalu potengera muyezo umenewo? Nambala ija ya 158 yokha sikutiuza kuti mwana wanu akudwala. Sikutiuzanso kuti ali bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho tiyeni tiyeze bwino.

Mawa m'mawa, asanadye ndiponso asanayende mtunda, akhale pampando kwa mphindi zisanu, msana atatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli patebulo, osalankhula. Kenako yezani, n'kulemba. Teroni masiku anayi kapena asanu. Ngati mukuopa kuyeza nokha, itanani mlamu wanu uja adine batani ndi iyeyo, poti kulankhulapo walankhulapo kale. Dziwaninso kuti lamba wa bambo wamkulu sangakwane bwino pamkono wa mtsikana, ndipo lamba wosakwana amanamiza.

N'chifukwa chake kamakinako kasalowe m'malo mwa dokotala. Sabata yomwe ino, pitani naye kuchipatala ndi pepala la manambala lija. Kafotokozeni zonse: matenda a bambo ake, zaka zimene anamwalira nazo, komanso ngati alipo wachibale wina amene anafa mwadzidzidzi akadali wamng'ono. Akamuyeze, amumvetsere mtima, ndipo muwafunse mwachindunji kuti, "Kodi angathamange?" Akavomera, sainani fomuyo. Akapeza china chake, mudzathokoza kuti chadziwika msanga, ndipo iwo adzakuuzani masewera amene angamuyenere.

Tsopano imvani ichi, ngakhale chikupwetekeni. BP imayenda m'magazi a kubanja, inde, ndipo n'chifukwa chake mwana wanu akufunika kulimbitsa thupi kuposa anzake. Mtima ndi mnofu. Ukamagwira ntchito umalimba, mitsempha imakhala yomasuka, ndipo BP ya munthu ali chikhalire imatsika. Wachinyamata amafunika pafupifupi ola limodzi tsiku lililonse la kuyenda ndawala, kuthamanga kapena kusewera. Mpando wa m'shopu, mabisiketi ndi zotsekemera zija ndiye zikumukankhira kumene mukumuthawitsa. Chepetsani zimenezo, chepetsaninso mchere m'ndiwo. Nanunso, amene mumaswera pamakina tsiku lonse, mukayezetse tsiku lomwelo, ndipo muzitsekako shopu msanga n'kuyenda naye wapansi.

Aphunzitsi aja kawapepeseni. Ananena zoona, ndipo adzakuthandizani kuti mwanayu abwerere pabwalo pang'onopang'ono, chifukwa masabata asanu si ochepa. Mwana wanu naye mukhale naye pansi. Musamuuzenso kuti mukumuteteza. Muuzeni kuti mukuchita mantha ndiponso kuti mwawasowa bambo ake. Iyenso wawasowa, ndipo mwina pabwalo paja ndi pamene chisoni chake chimapepukira.

Pomaliza, chenjerani ndi izi. Akamva kupweteka pachifuwa pothamanga, akachita chizungulire kapena kukomoka, akamabanika kuposa anzake, kapena mtima ukamagunda modumphadumpha ali chikhalire, asiye nthawi yomweyo ndipo muthamangire naye kuchipatala. Koma zizindikiro zimenezi, kupatula kukomoka, palibe angazione ndi maso. Wozimva ndi mwini wake. Mukapitiriza kumutsekera, mtsikana wa zaka 16 adzabwereka nsapato kwa mnzake n'kumathamanga mobisa, ndipo tsiku limene pachifuwa padzamupwetekedi, adzakhala chete poopa kuti mumuletsanso. Chitani zoti tsiku limenelo, ngati lingadzafike, munthu woyamba kumuuza mudzakhale inuyo.

Aphungu