Bere limene alamu anachita nalo manyazi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Bondo lija linasiya kuvuta? Kuno tikupuma ndithu. Kamtsikana kanga kayamba kuyankhula, ndipo mawu amene kakuwadziwa bwino ndi oti "ayi". Mayi akuti katengera ine.

Tsitsi langa lathothoka lonse ndi mankhwala a m'diripi aja. Makina osokera ndimapondabe m'mawa, mkono wamanzere ukandilola.

Uthenga wanu mayi andiuza. Akuti ndichotse mlandu kukhoti chifukwa dokotala amene ndamusumira pamodzi ndi chipatala chake ndi mchimwene wa akazi anu, ndipo m'nyumba mwanu mulibe mtendere. Yankho langa ndi la kamtsikana kanga lomwelo. Ayi.

Ndikukumbutseni mmene zinayendera. Nditamva kachotupa m'bere ndikuyamwitsa, ndinaimbira inu. Munati ndisakaime pamzere ngati munthu wopanda abale, muwaimbira alamu anu adokotala. Ndinadzimva wamwayi.

Anakumana nane pakhonde la chipatala, pamene amaunjikapo mabedi othyoka. Anafunsa za mayi, za inu, za suti imene ndinkawasokera. Nditaloza pachifuwa, iwo maso ku nsapato zawo. Anati ndi mkaka wagwirana basi, ndizithowa ndi madzi ofunda.

Ndinabwereranso chotupa chitakula ngati ndimu. Khonde lomwelo, moni yemweyo, mapiritsi m'manja. Ulendo wina ndinatopa nkuyamba kumasula mabatani ndekha. Anandiletsa, amvekere mlamu zisafike pamenepo, ife timalemekezana. Achimwene, ulemu umenewo wandidyera bere.

Amene anadzandipima ndi dokotala wina wosandidziwa, tsiku limene ndinaima pamzere ngati wina aliyense. Sanafunse za mayi kapena za suti. Anangoti ndivule. Atagwira, nkhope yake inasintha. Zotsatira zitatuluka anandiuza kuti ndi khansa, ndipo yafika kale kukhwapa. Anandifunsa chifukwa chake ndinachedwa kubwera kuchipatala. Ndinamuuza kuti sindinachedwe, ndakhala ndikubwera chaka chonse.

Tsopano imvani izi. Achipatala akuti nthawi imeneyo sindinali wodwala wawo, poti sindinalowe m'chipinda cha dokotala aliyense. Alamu anunso akuti pakhonde paja tinkangocheza za suti. Suti!

Loya wanga akuti mlandu ukuima pa chinthu chimodzi: papezeke munthu wonena pamaso pa woweruza kuti ananditumiza kwa dokotalayo ngati wodwala, ndipo dokotalayo anavomera kundiona. Munthu ameneyo ndinu. Munawaimbira ndinu, ndipo anakuyankhani kuti musadandaule, mlongo wanu ali m'manja abwino. Munandiuza nokha mukuseka.

Sindikukuimbani mlandu. Munkafuna kundithandiza, ndikudziwa. Ndikudziwanso kuti mukatsegula pakamwa, akazi anu akhoza kulongedza. Zimenezo zimandipweteka, chifukwa alamu anga sanandilakwire chilichonse. Koma musandipemphe kuti ndikhale chete kuti pagome panu pazikoma.

Mayi akuti abale sasumirana, anthu atiseka. Aseke. Madokotala sakundilonjeza kanthu, achimwene, ndipo ndili ndi mantha, sindibisa. Zikavuta, ndikufuna mwana wanga atsale ndi pogwira. Ndikufunanso adzamve kuti mayi ake anayankhula, sanangopita mwaulemu.

Mlandu ulowa mwezi wamawa. Ndikusoka diresi yokavala tsikulo. Makasitomala anga akuti ndiike kasiponji kumanzere kumene anadula bere kuti pasaoneke. Ndakana. Ndaisoka yogwira thupi, mbali imodzi yodzaza, inayo yaphwa. Alamu anu anachita manyazi kuyang'ana bere lilipo. Akayang'ane pamene linali.

Mukabwera, ndikuyalirani m'chipinda chosokeramo, makina ndisunthira pakona. Mukapanda kubwera, mlandu ukhoza kugwa, koma ine ndikaimabe ndi diresi yangayo, ndipo mpando wa mboni ukaoneka kuti palibe munthu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, akazi anuwo, muwauze kuti ndilibe nawo chifukwa. Ana muwapsompsone. Mulungu akusungeni, alimbitse bondo lanulo kuti lidzathe kuima.

Ndine mlongo wanu,
uja munkamutcha Makani