Mlonda Wokana Kuchoka

Lolemba, 14 Julayi

Makompyuta afika. Asanu ndi anayi, mphatso yochokera ku kampani ya inshuwalansi ija. Mphatso! Fumbi lokhalokha, ina ili ndi chingamu chouma pansi pa kiyibodi. Alamu, poti ndi apampando a komiti ya holo, anaima pakati kujambulitsa ndi mabwana a kampani, kenako onse m'galimoto. Wonyamula mabokosi kulowetsa m'kachipinda kakumbuyo ndine.

Ndayatsa imodzi. Ndinapita kukasamba m'manja, pobwera ndapeza sinamalize kudzuka. Chikuyikoka ndi antivayirasi yakalekale. Layisensi yake inatha, koma ikungotulutsa kachishango kofiira pasikirini: muli pangozi, muli pangozi. Ndayitcha Mlonda. Abwana ake anasamuka, iye akadali pageti kufunsa anthu ziphaso.

Komiti ikubwera Loweruka kudzaona. Akapeza makina sakuyenda, kalasi yanga ya kompyuta yathera pomwepo, chipinda chibwerera kukhala mosungira mipando. Amayi amene analembetsa aja ndiwauza chiyani?

Lachiwiri, 15 Julayi

Mlonda sachoka. Ukadina poti chotsa, akufuna pasiwedi. Osati yanga, ya munthu amene anamuika. Ndayesa dzina la kampani, ndayesa manambala ondondozana, ndayesa mawu ena oti sindingalembe muno. Ndazembera kumbali, kufufuta mafayilo ake pamanja imodziimodzi. Kuyatsanso, ndi uyo wabwera, chishango chili psuu.

Njira yachidule ilipo: kufomata zonse, kuyambira pachiyambi. Ndauza alamu. Akuti, "Ayi mlamu, musayerekeze. Mapulogalamu olembera ali momwemo ndi ogula, mukawafufuta tiwatenganso kuti?" Apa akunena zoona, n'chifukwa chake zandinyansa kwambiri.

Ndaimba ku kampani. Wapafoni akuti amene ankaona za makompyuta anasiya ntchito. Nambala yake? Sapereka. Pasiwedi? "Tikuimbirani." Eya. Ndikudikira.

Lachitatu, 16 Julayi

Mwayi wawo panalibe nyundo pafupi.

Ndinangotuluka kukagula batire la wotchi ya m'kati mwa kompyuta imodzi. Pobwera ndapeza alamu ali pampando wanga, apinda manja a malaya, akumwetulira. "Ndakuthandizani." Atenga antivayirasi ina yaulere pa intaneti n'kuyiika pamwamba pa Mlonda, pa makina anayi! Akuti watsopanoyo athamangitsa wakale. Tsopano alonda awiri agwirana pakhosi, aliyense akuti mnzake ndiye wakuba. Mawusi siikusuntha. Fani ikulira ngati ikufuna kuuluka.

Ndawauza mosapsatira kuti patebulo langa asadzakhudzenso ngakhale waya. Akuti, "Inu mlamu mumalankhula ngati mukumenya munthu." Ndati bola ine ndimamenya ndi pakamwa, inu mwagwetsa makina anayi ndi chala chimodzi.

Madzulo achemwali aimba: "Iwe, alamu akowo sanadye, wawatani?" Asadye.

Lachinayi, 17 Julayi

M'mawa wonse kuchotsa zimene alamu anaika. Ndabwerera pamene ndinali Lolemba, kungoti tsopano mutu ukuwawa.

Dalaivala amene anabweretsa makinawa wadutsa kudzatenga mabokosi ake. Akuti munthu wa makompyuta uja sanasiye ntchito, anachita kumuchotsa, sabata lomwe makina atsopano anafika ku kampaniko. Pano amakonza mafoni m'kakontena kuseri kwa siteshoni ya basi.

Ndapita. Bambo wamtali, imvi zayamba, magalasi omanga ndi kawaya. Ndafotokoza zonse mwaulemu, ulemu wanga wonse wa chaka chino ndathera pamenepo. Sanadzutse ngakhale mutu.

"Pasiwediyo ndi ya kampani. Kafunseni amene anandichotsa ntchito."

Ndati iwowo sakuyidziwa. Waseka. "Ndiye adziwe kuti sakuyidziwa."

Mtima unandiwira. Ndamuuza kuti kampani ilibe nazo kanthu, inajambulitsa kale chithunzi chake n'kuiwala. Amene akuwakhaulitsa ndi amayi ogulitsa pamsika, ofuna kuphunzira kulemba okha pa kompyuta m'malo mopempha ana awo. Ndamuuzanso kuti iye ndi pulogalamu yakeyo ndi amodzi, onse okakamira pamalo pamene sakufunikanso. Mawu omalizawa anangotuluka. Kasitomala amene anali pambali anati "eee!" n'kutenga foni yake.

Bamboyo anangoti, "Mwatha? Mukunditchingira kuwala."

Ndabwerera wapansi kuti mkwiyo utsikire m'miyendo. Sunatsike.

Lachisanu, 18 Julayi

Ndinadzuka nditatsimikiza: ndifomata basi, alamu adzalire mawa pamaso pa komiti yawo. Fulashi yofomatira ili kale m'manja, ndamva kugogoda.

Bambo wa mafoni uja. Moni palibe. Wayang'ana makina onse ali pamzere, wayang'ana ine.

"Sindikuuzani. Ndilemba ndekha. Tembenukani."

Ine kutembenuka m'chipinda changa chomwe! Komabe ndinayang'ana kukhoma. Kumbuyo kwanga kiyibodi kha kha kha. "Onani." Chishango palibe. Ndadina pulogalamu yolembera, yatseguka ndisanachotse chala.

Wapita pa yachiwiri, yachitatu, ine nkhope kukhoma nthawi iliyonse ngati mwana wolongolola m'kalasi. Pa yachisanu waima pang'ono, wapukuta pamwamba pake ndi dzanja. "Iyi inali yanga."

Atamaliza ndati zikomo bambo, mutha kupita, makasitomala akukudikirani. Iye khutu lili pa bokosi la kompyuta yomaliza.

"Fani iyi siifika mawa masana. Muli ndi sikuludiraiva yaing'ono?"

Zida zanga sindibwereketsa munthu, ngakhale m'bale. Ndamupatsa, ndamukokera mpando.