Chala Changa Pansi pa Nthabwala Zawo

Lolemba, 9 Juni

Zaululika. Wina wajambula nthabwala za m'gulu lathu la pa foni, la oyimbira mpira, n'kuzimwaza. Zonyoza timu ya amayi, makamaka thupi la goloboyi wawo. Sindizibwereza pano. Ine sindinalembepo ndi imodzi yomwe, koma pansi pa nthabwala iliyonse pali kachithunzi ka chala chachikulu komwe ndinayika ine, kali njo! Ndimakayika pa uthenga uliwonse posonyeza kuti wandipeza, kuopa anganene kuti telala uja ndi wamwano. Zambirizo sindinkawerenga n'komwe, maso ali pa singano.

Lachiwiri, 10 Juni

Komiti yatiimitsa tonse. Fainolo ya amayi ndi Lamlungu, ndipo ndinayenera kunyamula mbendera pa mzere. Ndinali nditaisita kale, mbali zonse.

Wometa wa khomo loyandikana akangondiona akukweza chala: “Tayilandira, bwana!” Ana asukulu nawonso chimodzimodzi. Ndasoka thumba la buluku chadodolido.

Lachitatu, 11 Juni

Sindinatsegule shopu.

Lachinayi, 12 Juni

Amayi akunyumba anandilanda foni m'mawa, ati aone okha mwamuna amene anakwatiwa naye. Anakhala pa mpando wa makasitomala nkhope ili ndwii. Posakhalitsa ndinangomva phwiti, kenaka chikhakhali mpaka misozi.

Ati: “Bambo, apa akunena inu! Akuti dazi lanu limathobwa osewera m'maso, ndipo mbendera mumakweza mochedwa chifukwa mumayamba mwayeza ofusayidi ndi tepi. Inu n'kuyikapo chala!”

Ndinaona ndekha. Zoonadi. Pa uthenga wa maliro a apongozi a mnzathu, chala. Wina anatumiza chithunzi cha denga mwangozi, chala.

Ali mkati moseka, analowa akochi a timu ya amayi kudzatenga majezi omwe ndimawasokera manambala. Moni sanapereke. Amayi anangowapatsa foni: “Taonani, asisi, chigawenga chanu.” Akochi anawerenga, analuma mlomo, analephera kupirira.

Ataleka kuseka akochi anati: “Komabe mwana uja, goloboyi wathu, analira, atelala. Chala chanu anachiona.” Mawu amenewo andilasa. Masana ndinapita kubwalo kumene amakonzekera, ndinavula chipewa, ndinapepesa pamaso pa timu yonse. Goloboyiyo anandiyang'ana, kenaka ati: “Valani chipewa, ankolo, mukutithobwa.” Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Inenso.

Lachisanu, 13 Juni

Ndatuluka m'gulu lija. Wometa ndi amene wandionetsa podina.

Chakumasana abweranso akochi, limodzi ndi apampando a komiti. Matimu onse awiri akana oyimbira akale aja, ati ngakhale apepese pa wailesi. Akufuna ine. Osati pa mzere, pakati!

Ndinati sindinayimbepo wezulo chibadwire. Ndinatinso mpira ndimaudziwa bwino ndikamauonera m'mbali. Akochi ati: “Malamulo mumawadziwa kuposa onsewo. Mungochepetsa kuyeza.”

Apampando anasiya wezulo pa makina osokera, pambali pa sizasi. Watsopano, wakuda, chingwe chake chikadali chopinda. Potuluka anatembenuka pakhomo.

“Mutiyankhe lisanalowe dzuwa la mawa, atelala.”

Ndayesa kuuzira wezuloyo pang'onopang'ono. Wometa wadzidzimuka n'kudula kasitomala ndevu mbali imodzi.