Ndinawerenga Mvuu Imodzi Kasanu

Amayi,

Kaya kumeneko kwacha bwanji. Ine ndikulemba ndili pa Boma, m'nyumba mwanu momwe muno, patebulo lija munkatumbulirapo nsomba. Ndinabwera kudzakhala sabata imodzi chabe.

Asisi Fatima anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Chipumi ndi chanu, kulira ndi kwa bambo ake. Chimanga cha kudimba njovu zadya theka. Masawu abereka mpaka mbuzi zatopa nawo. Denga la kukhitchini lija likadali lobooka, ndawauza alamu katatu kuti malata awiri akwanira, iwo akuti tiona. Kuno chilichonse ndi tiona, Amayi. Papita zaka ziwiri chimwalirireni inu, ndipo chimene chasintha ndi kutalika kwa udzu basi.

Munapita musanamvetse ntchito yanga, ndipo wolakwa ndine, chifukwa mukafunsa ndinkakuyankhani ndikumanga nsapato. Kwa anzanu pamsika munkangoti Tereza amayang'ana magazi ku South Africa. Lero ndikufotokozereni bwino.

Kachilombo ka malungo kakalowa m'selo yofiira ya magazi, kamatulutsa timapuloteni take pakhungu la seloyo, ndiye seloyo imayamba kumata m'mitsempha ing'onoing'ono. Zikachitikira mu ubongo, ndi zija zinakuchitikirani inu. Funso langa ndi lakuti timapuloteni timeneti timakhala tobalalika kapena timaunjikana m'magulu, nanga gulu limodzi limakhala ndi tingati. Pa maikulosikopu wamba, ngati ya kukiliniki, timangooneka ngati nkhungu. Yathu ili ndi nzeru ina. Puloteni iliyonse timaimata kautoto kowala, n'kuunikira ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa leza. Timautototo sitiyaka pamodzi, timaphethira: apa kayaka, kazima, uko kayaka kena. Kamera imajambula zithunzi zikwizikwi, kompyuta n'kumaika kadontho paliponse pamene payaka. Pomaliza ine ndimayeza ngati madonthowo athithikana kuposa momwe mapira amagwera ukawamwaza pabwalo.

Ndinapeza magulu, Amayi, akuluakulu, oti wina aliyense sanawaonepo. AProfesa amene amandiyang'anira, mayi woti kuseka amachita kubwereka, tsiku limenelo anaseka. Analembera anzawo ku Ulaya kuti anditenge ndikachite PhD, ndipo makalata anga ofunsira malo, pamodzi ndi zotsatirazo, ankafunika atafika pa Chisanu chapitachi.

Koma pali sitepe imodzi imene ndinaidumpha. Timayenera kuyamba tayeza galasi lopanda selo, lokhala ndi utoto wokha wobalalika, kuti tidziwe kuti kautoto kamodzi kamaphethira kangati. Makinawo ndi amodzi, owafuna ndi ambiri, ine ndinapatsidwa masiku atatu. Ndinati ndidzachita pambuyo. Pambuyopo sipanafike.

Pa Chiwiri mlongo wanu, amalume Zuze, ananditenga pabwato kupita ku Kavalamanja kukaona dimba lanu. Akalamba koma nkhafi akuigwirabe ngati supuni. Titadutsa pamchenga paja, ndinaona mitu ya mvuu kutsogolo ndipo ndinayamba kuwerenga mokweza.

"Khumi ndi imodzi, amalume! Tiyeni kumtunda!"

Iwo osatembenuka n'komwe. "Iwe Tereza, sukulu yonse ija kuwerenga kwake n'kumeneku? Zilipo zitatu chabe. Iyo ya khutu long'ambikayo waiwerenga kasanu, ikuthokoza."

Ndinati nanga inu mwadziwa bwanji.

"Mvuu ikamira apa n'kuvuukira apo, nkhafi ziwiri, usanameze malovu, ndi yomweyo. Alendo amawerenga mitu, ife timawerenga mpweya. Aboma atakutuma iweyo kudzawerenga mvuu, tonse angatisamutse pamtsinje pano."

Anaseka okha mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Dimbalo ndinaliona, koma musandifunse kuti likuoneka bwanji.

Titabwerera ndinatsegula laputopu patebulo pano. Kadontho kalikonse kamasungidwa ndi malo ake komanso nthawi imene kanayaka. Ndinaiuza kompyuta kuti madontho oyaka pamalo amodzi motsatizana, nthawi isanapite, iziwatenga ngati puloteni imodzi. Inagwira ntchito masana onse, ine ndikudya masawu. Itamaliza, magulu aakulu aja anali atasungunuka. Anatsala ang'onoang'ono, ochepa, oti mwina ndi enieni, mwina ayi. Zimenezi zili m'mabuku, ndinazilemba ngakhale pa mayeso, ndipo ndinakhoza. Ndinakumbukira momwe munkakanira nsomba zaziwisi pasikelo, mumvekere, "Theka lake ndi madzi a Zambezi, ndigule mtsinje ine?"

Tsiku lonse lotsatira ndinangokhala nazo. Palibe akanadziwa mpaka chaka chamawa, ndipo pofika nthawi imeneyo ndikanakhala ndili kale ku Ulaya. Ndinawauza asisi akuyamwitsa, iwo akuti, "Nanga timadontho takoto tikakusumira kupolisi? Tumiza upite, mwana iwe, ukakonzere konko. Manje ukatsala, uzidzatilalatira za malata mpaka liti?"

Asisi sanalakwe zonse. Malo amenewo ndimawafuna. Ndatopa kuona magazi athu akukwera ndege kukayezedwa kwina, mayankho n'kubwera odwala ataikidwa kale. Ndikufuna makina otere adzakhale m'dziko muno ndisanamere imvi, ndipo wopanda PhD samumvera, ngakhale akuwe bwanji. Chaka chimodzi kwa ine ndi chachitali kwambiri.

Sindikunamizani kuti unali mtima wabwino. Ndinangoganiza za mtsikana wina, kaya wa dziko liti, atakhala pamakina ake zaka ziwiri kufunafuna magulu amene kulibe, chifukwa choti ine ndinalemba kuti alipo. Kenako n'kuzindikira, n'kutchula dzina langa pamsonkhano. Chachiwirichi ndiye chinandiopsa kwambiri.

Pa Chinayi ndinakwera kumtunda cha kumaofesi, poti panyumba pano foni imangogwira netiweki ya ku Zumbo, kutsidya kwa malire. Ndinawatumizira aProfesa zithunzi ziwiri, chakale ndi chatsopano, ndi kuwauza za galasi limene ndinalidumpha. Sindinapepese kwambiri, ndinangolemba zimene zinachitika. Yankho linabwera ndisanatsike. Mizere iwiri: makalata aimitsidwa, ndipo ndikafika tiyambe ndi galasilo. Sanandikalipire, sananditamande. Malowo apita kwa wina. Akuti mwina adzatsegulanso chaka chamawa.

Ndakwiya, koma womukwiyira ndikumusowa. Amalume ndawagulira shuga, iwo sakudziwa chifukwa chake, akungoti mwana wa mlongo wawo wayamba ulemu.

M'mawa uno ndasesa pamanda panu, ndazula ndi minga inamera kumutu. Mawa ndikwera basi ya ku Lusaka, kenako ulendo wa kumwera, kukayambiranso miyezi isanu ndi umodzi ya ntchito imene ndinkati ndamaliza. Sindikulonjezani kuti ndiphunzira kudekha, mukundidziwa. Chimene ndikulonjeza n'chakuti malo amenewo ndidzawafunsiranso, ndipo nambala imene ndidzapite nayo, ichepe bwanji, idzakhala youma.

Ndimakukondani, ngakhale sindinkakhala pansi kuti ndinene.

Ndine mwana wanu,
Tereza