Mpongozi Wanga Anaiwala Kompyuta Yanga

Aphungu,

Ndine bambo wachikulire, ndinapuma pa ntchito yokonza mabasi. Sukulu ndinalekeza panjira, koma kuwerenga ndimatha. Mpongozi wanga Delphine ndi amene analemba malangizo a pulogalamu yomwe chipatala chathu chimagwiritsa ntchito kuti odwala tizionana ndi dokotala pa kompyuta, chipale chofewa chikatseka misewu. Mwana ameneyu ali ndi luso. Amalemba ngati wakhala pambali pako, mawu aafupi, osakuchititsa manyazi. Ndimamunyadira kuposa mwana wanga wobereka ndekha.

Koma malangizo onsewo ndi a makompyuta a Mac ndi Windows. Kompyuta yanga imayendera Linux, anandiikira mnzanga malemu Orval, ndipo sindidzaichotsa. Tsamba loyamba likuti ndidine batani lomwe pa kiyibodi yanga palibe. Zithunzi zake sizifanana ndi zomwe ndikuona. Za ife pali kamzere kamodzi pansi penipeni: "Ena onse afunse akatswiri." Ena onse! Moyo wanga wonse ndakhala ndikuponyedwa m'gulu limeneli.

Tsiku lina tikudya Delphine anandifunsa, "Bambo, mwakwanitsa? Ndinkalemba ndikuganiza za inu." Mwana wanga n'kuseka, "Mdalayu ndi chimakina chake cha m'nthawi ya Nowa!" Ine ndinangoti, "Ndikuwerengabe, mama." Lachinayi ndiyenera kuonana ndi dokotala wa shuga. Ndimuuze mpongoziyu, ndimukhumudwitse?

W.O., Duluth

Bambo W.O.,

Choyamba shugayo. Imbani kuchipatala lero lomwe, muwauze kuti pulogalamu yakana, dokotala akuimbireni pa foni.

Kenako muitaneni Delphine yekha, wosekayo atsale kwawo. Musachuluke zofotokoza. Mukhazikeni pampando wanu, atsatire malangizo akewo pa makina anu. Olemba ambiri amayesa zolemba zawo pa makompyuta a mu ofesi mwawo basi. Si kunyoza ayi, kungoti anthu enawo sawaona. Delphine akalisowa batanilo ndi chala chake, adzamvetsa msanga kuposa mmene mungamuuzire. Mudziperekenso kuti akadzalemba tsamba latsopano la Linux adzayesere pa inu. Ndipo zoti mumamunyadirazo muuzeni mwini wake, osati ine.

Koma samalani. Mkwiyo wa zaka zonsezi si wake, musamusenzetse. Kubisanso musapitirize. Tsiku lina adzamva kwa wodwala wina wolusa, kenako adzakumbukira kuti apongozi ake ankadziwa koma anangoti akuwerengabe. Chimenecho ndiye chingamupweteke.